Mutu 6: Chimbale Chobwezera

1. Katundu wa malemu

Chaka chimene aphunzitsi a Mphepo adamwalira, mvula idachedwa. Pofika Novembala mizere idali itaima kale m'minda yonse yozungulira Chamama, mbande za fodya zikudikira kunazale, anthu akungokamba za makuponi a feteleza. Koma mwana wawo wamkazi, Gladness, mtsikana wa Folomu 3, sankamva nawo nkhani zimenezo. Mtima wake udali pa chinthu chimodzi chokha: kompyuta ya bambo ake.

Idali kompyuta yakale, yotuwa, yolira ngati chigayo chakutali ikamayaka. Aphunzitsi adaigula kwa mnzawo wa ku Lilongwe. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, ndipo anthu ambiri ankaikamo Windows. Aphunzitsi adakana. Adaitanitsa chimbale cha Linux papositi, n'kuika m'kompyutamo, ndipo pachimbalepo adalemba ndi dzanja lawo kuti, "Cha Mphepo. Osabwereka."

Aphunzitsiwo adalinso mtsogoleri wa kwaya kutchalitchi. Akaweruka kusukulu ankapeka nyimbo zawozawo n'kumazijambula ndi kamaikolofoni kotchipa. Iwo ankaimba besi, Gladness n'kumalandira pamwamba. Mtsikanayo akathamangitsa nyimbo, bambo ake ankaseka n'kunena kuti, "Yambanso, Gladi, sitikuthawa mvula." Kuseka kumeneko nakonso kunkajambulika.

Mawu onsewo adali m'kompyutamo. Kunja kwa bokosi lotuwalo kudalibenso kwina kumene munthu akadamva aphunzitsi a Mphepo akuimba kapena kuseka.

Tsiku logawa katundu, abale akuchimuna adati kompyuta ipite kwa Dominic, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Adati ndi mbumba yawo, komanso ali ndi kashopu kamagetsi pamsika, ndipo kompyuta yake idapsa ndi mphenzi. Gladness ndi amayi ake ankatuluka m'nyumba ya sukulu kubwerera kumudzi kwa amayiwo, kumene magetsi sadafike.

Gladness adangomugwira Dominic mkono pakhomo.

"Chonde, Domi, nyimbo zokhazo uzisunge."

"Tiona," adatero Dominic akumangirira bokosilo panjinga ndi malegeni.

Chimbale chokha Gladness sadapereke. Adachibisa pakati pa mabuku ake.

2. Chisuweni

Gladness ndi Dominic adali asuweni, ndipo aliyense amadziwa mmene asuweni amakhalira. Amanyozana, amalandana zinthu, amanamizana masana dzuwa likuswa mtengo, koma palibe amene amakwiya. Kuyambira ali ana, Dominic ankamutchula Gladness kuti mkazi wake. Gladness ankabweza kuti sangakwatiwe ndi munthu wa makutu ngati zogwirira poto. Akuluakulu ankaseka. Kunena zoona, mtsikanayo sankadana nako kwenikweni kutchulidwa choncho, koma zimenezo sadauzepo munthu.

Atakula, mkangano wawo udasamukira ku makompyuta. Dominic adali wa Windows mpaka m'magazi. Gladness adali wa Linux ngati bambo ake.

"Linux yanuyo ndi ya anthu osadziwa kusangalala," ankatero Dominic. "Magemu mulibe. Ukafuna kumvera nyimbo imodzi, uyambe walemba mayeso."

"Nanga yakoyo?" ankabweza Gladness. "Kudwaladwala ngati nkhuku ya chitopa. Fulashi ikangoyetsemula, iyo yagona."

Aphunzitsi ali moyo ankalowerera mkanganowo ali mbali ya mwana wawo, ndipo unkatha ndi tiyi. Tsopano woutseka ndi tiyi padalibe.

Sukulu zitatsekera, Gladness adapita pamsika kukaona kompyuta ija. Kashopu ka Dominic kadali pakati pa telala ndi malo ometera. Mmenemo ankatchaja mafoni, ankabena nyimbo m'zimbale ndi m'mamemori kadi, ndiponso ankakonza mavidiyo a maukwati. Pabenchi la pakhomo padali anyamata ocheza.

"Anyamata, sunthani!" adafuula Dominic atamuona. "Akazi anga abwera kudzayendera chuma chawo."

Gladness adatsegula pakamwa kuti abweze, koma maso ake adagwera pasikirini ya kompyuta. Mtundu wa dothi lofiira umene adauzolowera udalibepo. Padali thambo labuluu ndi kaphiri kobiriwira.

"Domi, waichita chiyani kompyuta ya bambo?"

"Ndaichiritsa. Imadwala matenda a Linux. Taiona mmene ikusekerera tsopano."

"Nanga nyimbo?"

"Nyimbo zake ziti?" Dominic adakanda mutu ngati akuyesa kukumbukira. "Ooo, zija zomveka ngati mukuimbira m'mgolo? Ndasesa zonse, mkazi wanga. Psiti! M'nyumba yatsopano sitisungamo zinyalala."

Anyamata a pabenchi adaphulika kuseka. Dominic adapendeketsa mutu akumwetulira, kudikira kuti Gladness amubwezere mawu monga mwa masiku onse.

Gladness sadabweze. Adaiyang'ana sikiriniyo, n'kuyang'ana msuweni wake, kenaka adatembenuka n'kutuluka.

"Gladi! Iwe, tabwera!" Dominic adakuwa ali pakhomo. "Khirisimasi ili pafupi, udzandigwadira wekha!"

Iye sadacheuke. Adayenda njira yonse ya kumudzi maso ali gwa, osagwetsa msozi. Atafika adatseka chitseko, n'kutulutsa chimbale chija pakati pa mabuku. Adatsatira zolemba za bambo ake ndi chala.

"Wafafaniza bambo anga," adanong'ona. "Nanenso ndikufafaniza."

3. Amalume ali pachigafa

Pamudzipo wamkulu wa banja adali a Lazaro, mlongo wawo wa amayi a Gladness. Masiku amenewo ankafolera chigafa, chishedi chachitali choyanikiramo fodya, kuti mvula ikadzabwera idzachipeze chili bwino. Mmawa wina adaitana Gladness kuti aziwapatsira udzu.

"Mayi ako akuti sukudya," adatero ali padenga.

"Ndikudya, amalume."

"Akutinso ukumalankhula ndi chimbale. Kodi chimayankha?"

Gladness adaponya mtolo wa udzu mwamphamvu, n'kudutsa denga kukagwera mbali ina. Apo m'pamene zonse zidatuluka. Adafotokoza za sikirini yabuluu, za mgolo, za kuseka kwa anyamata.

"Ndimubwezera, amalume. Chilichonse chimene amadyera chili mmenemo. Chimbale cha bambo chikhoza kufafaniza zonsezo nyemba zisanapse pamoto. Nayenso amve mmene zimawawira."

A Lazaro adatsika pamakwerero pang'onopang'ono. Adakhala pamtengo wogona, n'kuvula chipewa.

"Khala apa, mwana wa mlongo wanga. Ine za makina anuwo sindidziwa, ndipo sindinama kuti ndikudziwa. Koma za kubwezera ndinaziona ndi maso angawa.

"Ndili mnyamata ndinkagwira ganyu pa esiteti ina kumpoto uko. Panali tenanti wina wochokera kummwera, munthu wolimbika ngati ng'ombe ya pagoli. Fodya wake anali wosiririka, masamba aatali ngati mkono wanga. Tsiku lina mnzake anamuuza kumowa kuti bwana wachotsa fodya wakeyo m'chigafa n'kumupatsa m'bale wake, ndiye kuti iye chaka chimenecho alibe chake. Tenantiyo sanafunse. Sanapite kwa bwana, sanapite kwa kapitawo. Ngakhale kulowa m'chigafamo kuti aone, sanalowe. Anangotenga machesi.

"Fodya wouma sachedwa, mwana wanga. Chigafa chonse chinatha ife tikuthamangirabe ndowa. Phulusa litazizira m'pamene zinadziwika kuti fodya wake uja sanachoke. Anali momwemo, kumapeto, kapitawo atamangirirapo nsanza yofiira kuti asasokonekere ndi wa ena. Munthu anawotcha thukuta lake la chaka chonse, la mkazi wake ndi la ana ake. Anabwerera kwawo pa lole ya eni, atanyamula mphasa basi. Nkhope yake tsiku limenelo sindidzaiiwala.

"Tsono tamvera. Dominic ndi msuweni wako. Pakamwa pa msuweni sipokhulupirira msanga. Akhoza kukuuza kuti mbuzi yako yafa, iyo ikudya kuseri kwa nyumba. Ngati wachitadi zimene wanenazo, walakwa kwambiri, ndipo ine ndipita ndekha kwa mayi ake tikakhale pansi. Ngati wangocheza, walakwabe, chifukwa chisuweni chili ndi nyengo yake, munthu amene misozi sinaume sachezedwa naye choncho. Koma iwe usagwire machesi usanalowe m'chigafa. Pita ukamufunse muli awiri, popanda anyamata a pabenchi aja. Pagulu mnyamata amalankhulira oseka, salankhulira iwe. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Ndamva."

Adatola udzu uja n'kupitiriza ntchito. Koma Gladness adali atagamula kale. Amalume adavomera okha kuti makompyuta sawadziwa. Iye ankadziwa kuti munthu akaika Windows pamene padali Linux, zakale zimapita. Adaona ndi maso ake. Akafunsenso chiyani?

4. Tsiku la makuponi

Mphekesera idafika madzulo ena kuti lole ya feteleza wa makuponi yatsitsa kudepoti. Kutacha, misewu yonse idadzaza njinga, ngolo ndi amayi obereka ana, aliyense atamanga kuponi yake pansonga ya chitenje kapena m'thumba la mkati. Gladness adadziwa kuti azakhali ake, amayi a Dominic, ali ndi kuponi koma miyendo imawavuta. Wowaperekeza ndi kunyamula matumba adayenera kukhala Dominic.

Adasamba, adavala diresi yake ya kutchalitchi, n'kuthyola mango okupsa bwino. Chimbale adachikulunga m'kansalu n'kuchiika pansi pa mangowo.

Adamupeza Dominic akupopa njinga pakhomo pa kashopu.

"Ndabweretsa mango a mwamuna wanga," adatero Gladness akumwetulira.

Dominic adasiya pampu. Nkhope yake idawala ngati ya mwana.

"Ha! Ine ndimayesa ukwati watha! Ndimafuna kutuma ankhoswe." Adatenga bango limodzi n'kuliluma, madzi ake akuyenderera pachibwano. Kenaka adatsitsa mawu. "Gladi, za tsiku lija..."

"Zisiye. Zinatha."

"Ayi, tandimvera kaye, ine..."

"Ndati zinatha, Domi. Fulumira, azakhali akudikira. Ukachedwa ukapeza mzere wafika kumjigo. Shopu ndikuyang'anira ine."

Dominic adamuyang'ana kanthawi, ngati mawu ena ali pakhosi. Kenaka adawameza, n'kutulutsa kiyi m'thumba.

"Chabwino. Uzingotchaja mafoni. Kompyuta usayatse, ndipo ngakhale uyatse ndaikamo pasiwedi. Muli chinsinsi."

"Chinsinsi chanji?"

"Ndikakuuza chikhalanso chinsinsi?" Adatsinzina diso limodzi, n'kukwera njinga.

Gladness adaima ndi kiyi m'manja. Chinsinsi. Adakumbukira Feliya, mtsikana wogulitsa m'golosale ya patsidya pa msewu, amene ankakonda kudzatchajitsa foni yosatha moto. Ndiye kuti malo a nyimbo za bambo ake adasesedwa kuti mukhale zithunzi za Feliya? Mtima udamutentha kuposa kale.

5. Funso la chimbale

Msika udali zii. Anthu onse adali kudepoti. Mbuzi yokha ndiyo inkanunkhiza pansi pa mabenchi a tomato.

Atatchaja mafoni mpaka masana, Gladness adakankha chitseko n'kusiya kampata. Adakhala pampando wa Dominic, n'kudina batani. Chigayo chakutali chija chidayamba kulira, ndipo kulirako kudamulasa pachifuwa, pakuti ndiko kunkayamba madzulo aliwonse a nyimbo. Adatsegula kathireyi, adaikamo chimbale, n'kuyatsanso kompyutayo kuti idzukire pachimbalepo. Chimbale sichifunsa pasiwedi ya munthu.

Pang'onopang'ono mtundu wa dothi lofiira udabwerera pasikirini.

"Mwabwera, bambo," adanong'ona Gladness.

Pakona padaoneka kachithunzi ka nkhokwe ya kompyutayo, mmene mudali zonse za Dominic. Bambo ake adamuphunzitsa kuti chimbale chimenechi chimatha kutsegula nkhokwe ya kompyuta iliyonse munthu n'kuona zimene zilimo, osaononga kanthu. Kudali kungodina kawiri basi. Mawu a amalume adamubwerera: usagwire machesi usanalowe m'chigafa.

Adasuntha mausi. Kamuvi kadafika pakachithunzi kaja n'kuima.

Nthawi yomweyo chitseko chidalira. Adasuzumira a Grey, ometa tsitsi a khomo loyandikana, chipeso chili m'tsitsi.

"Aa, ndi inu alamu? Ndimati mbava." Adaseka. "Bwanji, mwabwera kudzajambulitsa ina ya m'mgolo? Mutiitane ifenso, tili ndi migolo iwiri kuseriku!"

Adachoka akuseka yekha, osadikira yankho.

Gladness adatembenukira kusikirini. Ndiye kuti msika wonse ukudziwa. Mawu a bambo ake, amene tchalitchi chonse chinkakhala bata akayamba kuimba, adasanduka nthabwala ya pometera. Adachotsa kamuvi pankhokwe paja osatsegula.

Adadina poika Linux. Chimbale chidamufunsa chilankhulo, chidamufunsa dziko, kenaka chidafika pa funso lalikulu. Njira zidalipo ziwiri. Yoyamba idali yoti Linux ikhale pambali pa Windows, zonse zopezekamo zisungike. Yachiwiri idali yofafaniza nkhokwe yonse.

Adasankha yachiwiri.

Chimbale chidafunsanso. Chidachenjeza kuti zimene zifafanizidwe sizibwerera. Aphunzitsi a Mphepo ankati chenjezo la kompyuta uziliwerenga kawiri, kachiwiriko mokweza. Gladness sadaliwerenge ngakhale kamodzi.

"Psiti," adatero, n'kudina.

Kamzere kofiirira kadayamba kuyenda kuchokera kumanzere. Gladness adatenga bango n'kuyamba kudya akukayang'ana. Poyamba lidakoma kwambiri. Adaganiza za nkhope ya Dominic, za anyamata a pabenchi atasowa choseka, za Feliya. Kamzere kadapitirira. Bango lija lidayamba kuzizira mkamwa, ndipo adalisiya patebulo lisanathe. Kunja mitambo idali itasonkhana kummawa, mphepo ikuulutsa mapepala mumsewu.

Kenaka adamva belu la njinga. Ankalidziwa bwino belu limenelo.

Adadumpha, adazula pulagi kukhoma. Sikirini idada. Chigayo chidaleka kulira. Adakumbukira chimbale chitseko chikutseguka kale.

6. Chinsinsi cha Dominic

Dominic adalowa malaya ali mbuu ndi fumbi la matumba. Adatseka chitseko n'kutsamira pamenepo.

"Feteleza tapeza," adatero akupuma mwamphamvu. "Koma amayi andikalipira mzere wonse, anthu akumva. Ndinawauza zimene ndinakunena tsiku lija. Akuti ndine chitsiru, ndipo ndikapanda kukupepesa lero ndisakadye kwawo." Adaseka pang'ono, koma maso ake sankaseka. "Akunena zoona. Nkhope yako ya tsiku lija ikundisowetsa mtendere, Gladi. Ndimafuna kudikira Khirisimasi, koma sindingathenso."

Adapisa m'malaya n'kutulutsa envelopu ya kojambulitsa zithunzi. Mudali chikuto cha chimbale. Pamenepo padali aphunzitsi a Mphepo atavala jekete yawo ya kwaya, dzanja lili m'mwamba, pakamwa pali potsegula pakati pa nyimbo. Pansi padalembedwa kuti, "Nyimbo za Aphunzitsi Mphepo ndi mwana wawo Gladness."

Gladness adachigwira chikutocho ndi manja awiri.

"Iwe unakhulupiriradi?" adafunsa Dominic. "Ine kufafaniza mawu a bambo ako? Munthu amene anandiphunzitsa kugwira mausi? Ndinayamba ndazikopera zonse pafulashi, kenaka ndinaika Windows, n'kuzibwezeramo. Zinali ndi phokoso, mphepo, nkhuku, njinga zodutsa. Ndakhala ndikuzitsuka imodziimodzi ndi pulogalamu ya Windows. Ndimafuna tidzaziike kutchalitchi pa Khirisimasi, kuti iweyo uvomere ndi pakamwa pako, pamaso pa anthu, kuti Windows ndi akatundu."

"Fulashiyo..." Mawu a Gladness adatuluka ang'onoang'ono. "Fulashiyo ili kuti?"

"Ija ndi ya ntchito, ndinaifafaniza kalekale. Panopa muli nyimbo za makasitomala. Ukuopa chiyani? Zonse zili umu, bwinobwino." Adasisita bokosi lotuwa lija ngati mwana wa ng'ombe.



"Ndipo sunamve zonse," adapitiriza Dominic, mawu ake atatsika. "Ndinapezamo ina imene iwe sukuidziwa. Anaibisa mkati mwa mafoda a mayeso. Ndikuganiza kuti anaijambula okha atayamba kudwala, chifukwa mawu ndi otopa. Sakuimba ayi. Akulankhula. Ndinangomva poyambira pokha, akuti, 'Gladi, mwana wanga, ukadzamva izi,' basi ndinazimitsa. Si yanga imeneyo. Sindinaitsuke, sindinaikhudze. Palibe munthu anaimvapo."

Kunja dontho loyamba la mvula lidagunda pamalata. Kenaka lachiwiri. Kumsewu anthu ochokera kudepoti adayamba kukuwa ndi kululutira, akuthamangitsa matumba awo kumakhonde.

"Domi..."

"Usalankhule kanthu. Ukanditukwana pambuyo pake." Adatenga mahedifoni pamsomali, n'kumuveka yekha m'makutu, akukonza tsitsi lake mosamala kuti lisapanike. "Tseka maso, mkazi wanga. Usatsegule mpaka uwamve."

Gladness adatseka maso. Misozi imene idakana kutuluka tsiku lija idayamba kuyenderera tsopano, ndipo Dominic adayesa kuti ndi ya chimwemwe.

"Aa, pulagi wazula ndani? Iwe ndi mantha ako a mphenzi!"

Adamva pulagi ikulowa kukhoma. Adamva batani. Chigayo chakutali chidayamba kulira. Dominic ankaimba chamumtima imodzi mwa nyimbo za aphunzitsi, akugogoda tebulo ndi chala.

Kenaka kugogodako kudaleka. Nyimbo idadukira pakati.

M'mahedifoni mudali zii.

Padamveka kathireyi kakutseguka. Gladness adatsegula maso. Sikirini idali ya mtundu wa dothi lofiira. Dominic adaima chimbale chili m'manja, akuwerenga zolemba zimene ankazidziwa ngati dzina lake: "Cha Mphepo. Osabwereka." Adayang'ana chimbalecho, adayang'ana bango losatha patebulo, kenaka adayang'ana msuweni wake.

"Gladness," adatero. Chibadwire adali asanamutchulepo dzina lonse. "Usandinamize, chifukwa pano chisuweni chatha. Unasankha njira iti? Ndipo pamene umazula pulagi, kamzere kanali katafika pati?"